Tisanakwere Basi ya ku Livingstone

Zikomo a Tcheya. Amayi ndi abambo, akumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Nonse mwamva za mnyamata wa kuno ku Matero, mu Lusaka, amene anapita ku mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) ndi anzake mwezi watha. Wabwera mwendo uli m'chikhakha. Sikuti chilombo chinamugwira ayi. Anadumpha mpanda kuti adzijambule ndi foni, mwala unali ndi ndere, phazi n'kuterereka. Mwayi wake anakodwa pa chitsamba. Ndiye poti nafe tikunyamuka Lachisanu, mundimvetse: pamene pali mpanda, imani pomwepo. Musadumphe mpanda.

Madzi a Zambezi pamenepo amagwa mamita 108, ndipo m'lifupi mwake mathithiwo ndi mamita 1,708. Ganizani kaye. Munthu akagwera m'phompho limenelo palibe womugwira dzanja. Mu Epulo ndi Meyi mtsinje umadzaza, nthunzi yake imavumba ngati mvula ya Januwale, moti pa kamlatho ka Knife Edge mudzanyowa mpaka kumutu. Njira yonse imaterera. Inu atsikana, ndakuonani mukuseka, nsapato zazitali zidendene zija zisiyeni kunyumba. Mapatapata nawonso ayi. Valani nsapato zomanga, zogwira pansi. Chithunzi chidzaoneka bwino ngakhale muli mkati mwa mpanda.

Kulinso anyani, makamaka panjira yotsikira ku Boiling Pot, dziwe la kumunsi kwa mathithi. Anyani akumeneko sathawa munthu, anazolowera. Ine ndinaona ndi maso anga mayi wina atanyamula vitumbuwa m'pulasitiki, nyani anangobwera n'kutsomphola. Mayiyo n'kumalimbana naye chifukwa munali ndi kachikwama ka ndalama! Akakulandani, musiyireni. Mano ake si amasewera. Ndipo ana musawapatse chakudya m'manja poyenda.

Ee agogo, mwakweza dzanja, lankhulani.

(Agogo akuti iwo anakulira m'mbali mwa Luangwa, kusambira akudziwa kuyambira ali mwana, nanga n'chifukwa chiyani akuletsedwa, pomwe alendo amasambira pamwamba penipeni pa mathithi?)

Agogo, mwafunsa bwino, ndipo sindikukaikira kuti mumasambira. Malo amene mukunenawo ndi Devil's Pool, pafupi ndi chilumba cha Livingstone, pomwe David Livingstone anaima mu 1855. Koma kumeneko sapita munthu yekha. Amapita ndi anthu odziwa malowo, amalipira, ndipo amatsegula nthawi ya chilimwe yokha madzi akachepa. Madzi akachuluka amatseka. Tsono Luangwa mumaidziwa chifukwa makolo anakuonetsani dooko, anakuuzani pamene pagona ng'ona. Ku Zambezi anakuuzani ndani? Kumtunda kwa mathithi madzi amaoneka odekha, koma pansi akukoka, akuthamangira kuphompho. Muli ng'ona, muli mvuu, ndipo mvuu yokhala ndi mwana siifunsa kuti munakulira kuti. N'chimodzimodzi tikadzapita ku Siavonga pa nyanja ya Kariba: ng'ona zilimo, likodzo nalonso lilimo m'madzi osayenda a m'mphepete. Ndiye agogo, ndi ulemu wonse, madzi tikangowaona ndi maso. Adzukulu anu akakuonani inu mwaviika phazi, iwo adzalowa thupi lonse. Musalowe m'madzi, musadumphe mpanda.

Tikalowa mbali ya malo osungirako nyama zakutchire, kuli zipembere zoyera zimene asilikali a zanyama amazilonda ndi mfuti usana ndi usiku. Akanena kuti imani apa, imani. Njovu nazo zimadutsa pamsewu wochoka m'tauni kupita ku mathithi. Tikakumana nazo, wina asatsike m'basi.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana nthawi, ndithamange. Tengani chitupa chanu cha NRC, nzika zimalipira zochepa pageti kusiyana ndi alendo akunja. Ulendo ndi wa makilomita opitirira 470, kudzera ku Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, choncho odwala BP ndi shuga mankhwala akhale m'thumba, osati m'chikwama chapansi pa basi. Zovala zosinthira, foni m'pulasitiki, neti ya udzudzu yogonamo. Mayi aliyense agwire mwana wake padzanja, tiziwerengana pokwera ndi potsika. Anyamata, mowa m'basi ayi. Ndipo mpanda uja, ndanena katatu, musadumphe. Amene sanamalize ndalama ya basi aonane ndi amayi a msungichuma pakhomo apo.