Mendulo ya agogo yolembedwa Nyasaland 1915: muyambire pati kufufuza?

Moni omvera athu, kulikonse kumene muli. Lero tikambe za mendulo ija mwaipeza m'sutikesi ya malemu agogo, yomangidwa m'kansanza, ndipo pabanja palibe akudziwa kuti inabwera bwanji. Tikunena mendulo yasiliva yotchedwa Africa General Service Medal, imene boma la Britain linayamba kupereka mu 1902, makamaka ija ili ndi kachitsulo kopingasa pamwamba kolembedwa kuti Nyasaland 1915.

Choyamba, chonde musaikweche. Phulusa, mchenga, ndimu, mankhwala owalitsira zitsulo, zonsezi zimadya zilembo za m'mphepete, pamene zilembozo ndiye chuma chake chonse. Ipukuteni ndi kansalu kofewa kouma basi. Riboni yake ikhale yachikasu, yakuda m'mbali, ndi timizere tiwiri tobiriwira pakati. Ngakhale itathetheka, musaitaye.

Tsopano khalani pawindo masana, muigwire chopendeketsa, muziizunguliza pang'onopang'ono mukuwerenga mkombero wake. Mupeza nambala, udindo, dzina, kenako gulu limene munthuyo anali, monga 1 K.A.R., kutanthauza gulu loyamba la King's African Rifles lomwe likulu lake linali ku Zomba. Jambulani ndi foni mbali zonse, osayatsa kuwala kwa kamera chifukwa siliva amathobwa. Lembani ndendende zimene mukuona, ngakhale dzinalo likuoneka lolakwika.

Apa ndi pamene ambiri amasokera, ndiye mvetserani bwino. Dzina lokha silikufikitsani patali. Asilikali ambiri ankalembedwa ndi dzina limodzi, ndipo kalaliki kapena mzungu ankalemba mmene khutu lake lamvera. Ena ankalowa usilikali ndi dzina lina, losiyana ndi la kumudzi. Muli ndi ma Juma, ma Saidi, ma Sulemani ambirimbiri m'mabukumo. Chimene chimamusiyanitsa munthu wanu ndi nambala yake pamodzi ndi gulu lake. Zinthu ziwirizi musazilekanitse, chifukwa nambala yomweyo mukhoza kuipeza kwa msilikali wa gulu lina, wa ku Kenya kapena Uganda, n'kuyamba kulondola mlendo.

Onaninso nkhope ili kumaso kwa menduloyo. Ya 1915 imayenera kukhala ndi Mfumu George V. Mukapeza Edward VII, amene anamwalira mu 1910, musathamangire kunena kuti ndi yabodza. Mwina mwini wake anali msilikali wakale amene anailandira kaamba ka nkhondo ya ku Somaliland ya 1902 mpaka 1904, ndipo kachitsulo ka 1915 anangokawonjezera. Zikatero payenera kukhala tizitsulo tiwiri kapena kuposa. Ngati Edward ali ndi ka 1915 kokha, pamenepo kaikani. Yesaninso kukula kwake: mamilimita 36 mopingasa. Ikaperewera, kapena mkombero ukaonda mbali imodzi, mwina wina anapala dzina loyamba n'kulembapo lina.

Mukatha izi, pitani ku mabuku. Mndandanda wa anthu amene analandira mendulo zoterezi uli ku The National Archives, ku Kew mu London, m'gulu la mapepala lotchedwa WO 100. Anawajambula ndipo amapezeka pa intaneti, koma ndi olembedwa pamanja, ndiye muyenera kutsegula tsamba ndi tsamba mukusaka nambala ija. Zimatenga nthawi, mukhale ndi bando yokwanira. Mukampeza, musangosangalala n'kutseka. Werengani mzere wonse mpaka kumapeto, chifukwa m'danga lomaliza ankalembamo zina, monga kuti munthuyo anachotsedwa ntchito kapena anamwalira.

Ngati anapitiriza kumenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, mumusakenso ku Kew komweko mu WO 329, mndandanda wa amene analandira mendulo za nkhondo imeneyo. Za kumene gulu lake linayenda tsiku ndi tsiku zili mu WO 95. Msilikali wachikuda satchulidwa dzina kawirikawiri m'menemo, koma mudziwa kumene anagona, kumene anamenyana, ndi matenda amene ankawatha. Makalata a pakati pa Zomba ndi London ali mu CO 525, ndipo okhudza K.A.R. ali mu CO 534. Ngati anafera kunkhondo, yesani pa tsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamala manda a ofera kunkhondo, ngakhale Aafirika ambiri, makamaka amtengatenga, sanalembedwe maina.

Kuno kwathu, pitani ku National Archives of Malawi ku Zomba, koma dziwani kuti moto wa mu 1919 unawononga mapepala ambiri a boma a zaka za m'mbuyo mwake. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ithandizanso. Ndipo musaiwale akuluakulu a kumudzi. Afunseni dzina la ubwana, mfunda, mudzi ndi nyakwawa ya nthawi imeneyo, mujambule mawu awo pafoni adakali moyo.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kukonzekera mumtima. Kachitsulo ka Nyasaland 1915 si ka nkhondo ya ku Karonga ayi, imeneyo inali yolimbana ndi Ajeremani pa 9 September 1914. Aka kanaperekedwa kwa amene anatumidwa kukathana ndi John Chilembwe ndi anthu ake, atawukira atsamunda usiku wa pa 23 January 1915. Ndi asilikali amenewa, pamodzi ndi azungu a Nyasaland Volunteer Reserve, amene anapita ku Mbombwe ku Chiradzulu, kumene tchalitchi cha Providence Industrial Mission chinagwetsedwa. Chilembwe anaphedwa pa 3 February. Ndiye agogo anuwo anali mbali inayo. Zimapweteka kumva, koma musabise, ndipo musawasemere mlandu umene mapepala sakunena. Mndandanda ukungotsimikizira kuti analipo pa ntchitoyo, sukunena kuti anawombera ndani.

Mukamalemba zimene mwapeza, patulani za m'mapepala ndi zongomva, ndipo pa mfundo iliyonse lembani nambala ya fayilo ndi tsamba lake. Menduloyo muikulunge m'kansalu kathonje, muisunge pouma, kutali ndi malabala chifukwa amadetsa siliva, ndipo pepala lanulo likhale m'bokosi lomwelo.