Dothi lomangira nyumba: liyeseni musanayambe kuumba

Moni nonse amene mukutimvera, abambo, amayi, ndi inu achinyamata amene mwakonzeka kuumba zidina kapena kumanga nyumba ya mdindo chilimwe chino. Chikombole chiyambe chadikira. Lero tikambe za dothi, chifukwa khoma likang'aluka, nthawi zambiri vuto limakhala kuti lidayambira kunkhuti.

Dothi la pamwamba lija, lakuda, lamizu ndi zinyalala zowolerana, si lomangira ayi. Limenelo ndi la chimanga. Lipaleni ndi khasu, muliunjike pambali, mukumbe mpaka dzenje lifike m'mawondo. Tapani pang'ono, munyowetse, mununkhize. Mukamva fungo la manyowa, simunafike, kumbanibe.

Tsono anthu ambiri amati dothi lomata kwambiri ndiye lolimba. Apa ndiye pamene ndikufuna mundimvetsetse. Makande, dothi lakuda lija la m'madambo, lodzaza ku Chikwawa, ku Nsanje ndi kuzungulira nyanja ya Chilwa, limamata zedi, koma limafufuma likamwa madzi, likauma n'kukhwinyata. Mwaonapo ming'alu yake mu Okutobala, yoti dzanja n'kulowa? Zimenezo lidzachitanso pakhoma lanu. Chimodzimodzi dothi la mtapo limene amayi amaumbira miphika: palokha silimanga nyumba. Katondo, dothi lofiira lija la ku Lilongwe, ku Kasungu ndi ku Mchinji, kawirikawiri ndiye labwino, komabe naloso muliyese. Chimene tikufuna ndi mchenga wambiri, dongo lochepa longokwanira kugwirizitsa mchengawo, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Tengani botolo loonekera mkati, muthiremo dothi losefa mpaka kuchepera pang'ono theka, mudzaze madzi, muwazemo kamchere. Khutchumulani mwamphamvu, muliike pansi, osalikhudzanso. Mchenga ukhala pansi pasanathe mphindi imodzi. Pamwamba pake padzakhala dothi losalala ngati ufa, kenako dongo, limene limatenga tsiku lathunthu kapena kupitirira. Mawa lake yang'anani mizereyo. Dongo likafika theka la dothi lonse la m'botolomo, dothilo likufuna mchenga.

Njira ina ndi ya m'manja, ndipo ineyo ndimaikhulupirira kwambiri. Kandani dothi lonyowa pang'ono, mulipote likhale lonenepa ngati chala chachikulu, mulikankhe pang'onopang'ono kuti lizilendewera kuchoka pachikhatho. Likaduka lisanafike masentimita 5, mchenga wachuluka, chidina chake chidzanyenyeka. Likapitirira masentimita 15 osaduka, dongo lachuluka. Likaduka pakati pamenepa, eya, mwalipeza.

Inu a mdindo, madzi asachuluke. Fumbatani dothi likhale kampira, mulitaye pansi kuchokera m'chifuwa. Likasweka zidutswa zingapo zikuluzikulu, dindani. Likangoti phwa osasweka, lanyowa kwambiri. Likamwazika, onjezani madzi pang'ono.

Za chulu nazo ndinenepo. Dothi la pachulu ndi lamphamvu, dongo lake ndi lambiri, choncho lisakanizeni ndi mchenga. Kuchuluka kwake musachite kulota. Umbani zidina zoyesera: zina dothi lokhalokha, zina ndowa ziwiri za dothi ndi imodzi ya mchenga, zina muike udzu woduladula. Lembani chizindikiro pachidina chilichonse, muziumitse pamthunzi sabata ziwiri. Kenako onani chimene sichinang'ambike, muchikande ndi chikhadabo, muchigwetse kuchokera m'chiuno. Chongobenthuka m'ngodya osasweka pakati, kasakanizidwe kake ndi kamene mutsatire.

Nanga mukumbe pati? Pafupi ndi pomanga, kuti musatope ndi kututa, koma nkhuti isayandikire maziko. Madzi akadikha patsinde pa khoma, khoma limanyowa kuchokera pansi mpaka kugwa, ndipo tonse tikukumbukira nyumba zimene zidagwa ndi mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. M'mphepete mwa mtsinje musakumbe, mudzagumula gombe. Kumanda ayi. Ngati malowo si anu, pitani kwa eni ake ndi kwa amfumu mukapemphe musanaponye khasu.

Ndipo chonde, abale anga, mukamaliza kuumba musaisiye nkhuti ili yasa. Mvula ikagwa imadzaza madzi, udzudzu umaswana, ndipo ana amatha kumiramo. Ikwirireni, mubwezere pamwamba dothi lakuda lija mudaunjika pambali, mudzalepo nthochi.