Mkodzo wochuluka pambuyo pa opaleshoni: mawu kwa odikirira odwala

A Gulupu, mafumu athu, amayi ndi abambo a kuno ku Santhe, zikomo pondipatsa mpata. Ambiri mwa inu mudadikirirapo wodwala ku chipatala cha pa boma ku Kasungu, ndipo mukulidziwa thumba la mkodzo lija limene limapachikidwa m'mbali mwa bedi munthu akachokera ku fiyeta. Nkhani yanga ili pa thumba limenelo.

Kunsi kwa ubongo kuli kachiwalo kochepa ngati njere ya nandolo, dzina lake pituitary, kamene kamatulutsa timadzi totchedwa vasopressin. Timadzi timeneti ndi timene timalamula impso kuti zibwezere madzi m'magazi. Tikachepa, kapena impso zikaleka kutimvera, madzi amangodutsa, ndipo munthu wamkulu amakodza kupitirira malita 3 pa tsiku, mkodzo wake woyera ngati madzi a pa mjigo. Madokotala amati diabetes insipidus. Dzinali lisakusokonezeni, chifukwa si matenda a shuga ayi: mkodzo wake mulibe shuga, ndipo nyerere siziuzinga.

Madokotala aona kuti mankhwala ena ogonetsa munthu pa opaleshoni, monga ketamine, propofol, sevoflurane ndi dexmedetomidine, nthawi zina amayambitsa vutoli. Zimachitika mwa apo ndi apo, ndipo kawirikawiri zimatha mankhwalawo akachoka m'thupi. Ndikutsindika mawu amenewa chifukwa sindikufuna kuti mayi amene akufunika opaleshoni pobereka akane thandizo ati ndine ndamuopseza.

Choopsa n'chakuti munthu amene sanatsitsimuke bwino sangathe kunena kuti ali ndi ludzu. Madzi akamatayika chotero, mchere wa m'magazi wotchedwa sodium umakwera kupitirira 145, pamene muyeso wake woyenera ndi 135 mpaka 145, ndipo wodwala amauma milomo, amabalalika mutu, mwinanso kukomoka kumene. Apa ndi pamene maso anu amagwira ntchito. Mukaona thumba likudzaza msangamsanga, musakakhuthule mwakachetechete poganiza kuti mukuthandiza. Itanani anamwino, aone kuchuluka kwake, alembe. Musamumwetse wodwala madzi kapena thobwa asanaloledwe, pakuti wa tulo ta mankhwala atha kutsamwa. Achipatala ayeza magazi ndi mkodzo, amubwezera madzi kudzera m'dilipi, ndipo pakafunika amupatsa desmopressin, mankhwala amene amalowa m'malo mwa vasopressin uja.

Komanso ngati m'bale wanu amamwa lithium, mankhwala a matenda ena a maganizo, kapena vutoli lidamuchitikirapo pa opaleshoni ina, muwauze ogonetsa odwala asanamulowetse ku fiyeta.