Mitundu isanu ya ku China ndi penti ya m'nyumba mwathu

Zikomo amayi ndi abambo. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino, tiyambepo.

Anthu ambiri akangomva zopenta nyumba motengera mwambo wa ku China, amathamangira kukagula penti yofiira. Dikirani kaye. Eni akewo sayamba ndi funso loti mtundu wokongola ndi uti. Amafunsa kuti mtundu uwu ukhala pafupi ndi uti, ndipo agwirizana kapena ayambana?

Kuyambira kalekale iwo amati chilengedwe chimayenda ndi zinthu zisanu, chilichonse ndi mtundu wake komanso mbali yake. Mtengo ndi wobiriwira, kwawo ndi kum'mawa. Moto ndi wofiira, kummwera. Chitsulo ndi choyera, kumadzulo. Madzi ndi akuda, kumpoto. Dothi ndi lachikasu, ndipo limakhala pakati. Zinthuzi zimaberekana: madzi amameretsa mtengo, mtengo umakoleza moto, moto umasiya phulusa lomwe limasanduka dothi, m'dothi mumachokera chitsulo, chitsulo chimabweretsa madzi. Komanso zimagonjetsana, monga madzi azimitsira moto, kapena chitsulo chidulira mtengo.

Mukafuna kuziona ndi maso, onani zithunzi za Forbidden City, nyumba yachifumu ya mumzinda wa Beijing imene anaimaliza mu 1420, nthawi ya mfumu Yongle. Makoma ndi ofiira, madenga ndi a matailosi achikasu. Moto ukubereka dothi pamenepo, ndipo chikasucho chinali cha mfumu yokha, munthu wamba sankaloledwa kufolera nacho. Koma pali nyumba imodzi yosungiramo mabuku, Wenyuan Ge, yomangidwa m'ma 1770, imene denga lake ndi lakuda. Chifukwa chake? Mdani wa mabuku ndi moto, ndiye anaiveka mtundu wa madzi. Ana a mfumu ankakhala chakum'mawa, pansi pa madenga obiriwira, mtundu wa chinthu chimene chikukula.

Amayi mwafunsa ngati penti ingabweretsedi mwayi. Ine zimenezo ayi, khoma silinalemeretsepo munthu. Chimene ndikutolapo n'chakuti anthuwa anayang'anitsitsa mitundu imene imakhalitsana bwino, ndipo pamenepo ndikuwavulira chipewa.

Tilowe m'khitchini. Moto ulimo kale, ndiye kupakanso zofiira n'kuwonjezera kutentha. Pakani mtundu wa dothi, kirimu kapena chikasu chosawala kwambiri. Kuchipinda chogona chimodzimodzi, maso akufuna kupuma. Pabalaza, ngati mipando yanu ndi yakuda koma makatani ndi ofiira, madzi ndi moto zayang'anizana. Ikani chobiriwira pakati, kaya khoma limodzi lobiriwira pang'ono, kaya duwa la mumphika, chifukwa mtengo umamwa madzi n'kudyetsa moto. Yesani, mudzaona kuti chipinda chakhazikika.

Chofiiracho kwa iwo ndi chimwemwe, n'chifukwa chake chimadzaza pa ukwati ndi pa chaka chatsopano. Koma m'nyumba chizikhala ngati tsabola m'ndiwo. Chitseko, felemu ya zenera, kashelefu, basi kwatha.

Choyera ndiye chili ndi nkhani. Pamwambo wawo anamfedwa amavala zoyera, choncho chipinda choyera mbee, chopanda kanthu kena, achikulire a kumeneko sachikonda. Komatu pitani ku Suzhou, mzinda wotchuka ndi minda yakale yamaluwa, mukapeza makoma oyera ponseponse. Kusiyana kwake n'kwakuti choyeracho sichikhala chokha. Pamwamba pali matailosi otuwa, mafelemu ndi a matabwa oderapo, ndipo patsogolo pa khoma amabzalapo nsungwi. Dzuwa likapendeka, chithunzithunzi cha masamba chimagwera pakhomapo n'kumagwedezeka ndi mphepo. Khomalo analisiya dala loyera kuti lilandire zimenezo. Ndiye inu amene mumapaka laimu, musadzione otsalira. Pentani mafelemu ndi mzere wa m'munsi mwa khoma mtundu woderapo, nyumba isintha nkhope.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa mbali zija. Dziko la China lili kumpoto kwa dziko lapansi, kotero dzuwa limawafikira kuchokera kummwera. N'chifukwa chake kummwera anakutcha kwa moto, ndipo nyumba zawo zimayang'ana kumeneko. Kuno kwathu n'zotembenuza. Mu June ndi July, nthawi yozizira, dzuwa limadzera chakumpoto, ndiye chipinda cha mazenera oyang'ana kummwera ndi chimene chimazizira n'kuchita kamdima. Chimenecho ndicho chofuna kirimu kapena chikasu. Choyang'ana kumadzulo, chimene chimatentha madzulo a mu October, chipatseni chobiriwira chozizirira kapena chotuwa.

Musanagule ndowa yonse, gulani kachitini kakang'ono. Pakani kachigamba pakhoma, kaume, mukaone m'mawa, masana, ndi usiku mutayatsa getsi, chifukwa penti imasintha ikauma. Ngati pulasitala ndi watsopano, m'dikireni aume kaye, apo ayi pentiyo idzasupuka. Bambo kumeneko mwakweza dzanja, funsani.