Musanagule pampu ya petulo, tsatani kaye waya

Zikomo amfumu potipatsa bwalo. Zikomo amayi ndi abambo, ndi inu anyamata a pa siteji amene mwasiya galimoto zanu padzuwa. Akumbuyoko senderani kumthunzi kuno, chimkuzamawu tilibe.

Tikambe za galimoto yakale yapetulo imene sitata ikuzungulira bwinobwino koma injini osalira. Kapena yalira m'mawa, mwanyamuka pa Nchalo, mwawoloka mlatho wa Kamuzu, pongoyamba chitunda cha Thabwa yazima. Apa ambiri amagamula msanga kuti pampu yafa, n'kutuma munthu ku Limbe. Yatsopano ija aika, vuto likadali pomwepo, ndalama zapita. Kawirikawiri pampu imakhala yamoyo, koma magetsi ndi amene sakufikako okwanira.

Njira ya magetsiwo ndi imodzi. Achoka pa batire, adutsa pa fyuzi, alowa mu rileyi, kaswichi kamene kamayatsa ndi kuzimitsa pampu, atsata waya wodutsa pansi pa kapeti mpaka pa thanki, ndipo akazungulitsa pampu amabwerera kudzera pa waya wa ethi womangidwa ku bodi. Paliponse pangaduke.

Yambani ndi khutu. Tsegulani chivundikiro cha thanki, mnzanu atembenuze kiyi kufika pa ON. Galimoto zambiri pampu imang'ung'udza masekondi ochepa n'kusiya. Koma samalani, eni Toyota zakale. Ma Corolla ambiri a m'zaka za m'ma 1990 pampu yake siyamba pa ON, imadikira sitata izungulire. Ndiye munthu amamvetsera, osamva kanthu, n'kuipha pampu yosalakwa. Pa galimoto zimenezo tsegulani boneti, mupeza kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Pansi pa chivundikiro chake pali zilembo. Lumikizani +B ndi FP ndi kawaya, kiyi pa ON. Pampu ikalira, ndiye kuti ili bwino pamodzi ndi waya wake, vuto lili ku rileyi yake kapena chimene chimailamula. Mukatha chotsani kawayako. Mukayenda nako, tsiku la ngozi paipi itaduka pampu izingopopabe petulo injini itazima. A ma Sienta musavutike kufunafuna, kabokosi kameneka mulibe.

Fyuzi ndi nkhani yachidule. Pa Toyota funani yolembedwa EFI. Yofiira ndi ya 10, yabuluu 15, yachikasu 20, ndipo mubwezere ya nambala yomweyo. Ikapsanso, pali shoti, mwina khoswe wadya waya, kapena pampu yatopa ndipo ikukoka magetsi ambiri. Zokulunga fyuzi ndi pepala lonyezimira la ndudu zija, ndikuonani mukuseka, zimenezo zimatentha waya wonse mpaka pa thanki.

Rileyi imanamiza anthu. Mukamva kuti "ta", sizitanthauza kuti yadutsitsa magetsi, chifukwa tizitsulo togundana m'kati mwake timapsa. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, ndiye rileyi yotopa imagwira m'mawa, masana n'kukana, ikazizira n'kugwiranso. Isinthanitseni ndi ina ya nambala yofanana, monga ya hutala ngati zikufanana.

Tsopano pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa ethi ndi pulagi ya pa thanki. M'chigwa chino galimoto zathu zimasambira. Madzi a namondwe Ana mu 2022, a namondwe Freddy mu Malichi 2023, ngakhale kungowoloka madzi osefukira panjira ya ku Bangula. Madzi akalowa pansi pa kapeti sauma msanga, ndipo dera lino lili ndi mchere, inu nomwe mumaulawa m'mijigo ina. Patapita miyezi, tizitsulo ta m'pulagi timachita zobiriwira, bawuti ya ethi imachita dzimbiri. Magetsi amadutsabe, koma pang'ono. Pa msewu wosalala wa ku Ngabu galimoto imayenda, pachitunda pofunika petulo wambiri imatsamwa.

Apa ndi pamene mita yoyezera magetsi imapusitsa ngakhale amakaniko. Mwachotsa mpando wakumbuyo, mwazula pulagi, mwayeza, mita yalemba 12, mwati magetsi alipo. Komatu mita sikoka kanthu. Ngakhale patatsala kaulusi kamodzi ka waya, ilembabe 12. Zili ngati mjigo wotulutsa madontho: madzi alipo, koma ndowa sidzadza. Tengani babu ya indiketa ya mawati 21, muimangire mawaya awiri aatali, muilumikize pa mawaya awiri onenepa a pulagiyo, mnzanu alize sitata. Ena owondawo ndi a geji ya petulo, asiyeni. Babu ikawala kwambiri, njira yonse ili bwino, tsopano mutha kuikayikira pampu. Ikangofiira, sunthani waya wa babu wa mbali ya ethi muugunditse pa chitsulo choyera cha bodi, kutali ndi thanki. Ikawala, wolakwa ndi ethi. Masulani bawuti, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani, pakani girizi pamwamba.

Amene muli ndi mita, yezani pulagi ili m'malo mwake, pampu ikugwira ntchito. Batire yodzadza imaonetsa 12.6 injini itazima. Magetsi a pa pampu asasiyane ndi a pa batire kupyola theka la volti.

Bambo uko afunsa zomenya thanki ndi dzanja kuti galimoto ilire. Inde bambo, zimatheka. Ikalira mutamenya, nthawi zambiri ndiye kuti mabulashi, timakala todutsitsa magetsi m'kati mwa pampu, atha. Ikufikitsani kunyumba, koma imeneyo ndi yogula ina. Pochotsa yakaleyo zulani kaye waya wa negetivu pa batire, zitseko zonse zikhale zotsegula, wosuta aime kutali.

Pampu imaziziritsidwa ndi petulo amene yamiramo. Chizolowezi chothira malita awiri awiri, geji ili pa E sabata yonse, m'kutentha kwa kuno, chimaitopetsa msanga. Petulo wa m'zigubu nayenso amabwera ndi mchenga, nthawi zina madzi, kasefa ka kunsi kwa pampu n'kutsekeka. Choncho mukaika yatsopano, sinthaninso kasefako, ndipo ngati pansi pa thanki pali matope, itsitseni itsukidwe musanathire petulo wina.