Pripyat, tauni imene eni ake anauzidwa kuti achokemo masiku atatu okha

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata muli kumbuyoko. Lero tikambe za bwinja lina lakutali, ku Ukraine, dzina lake Pripyat.

Tauniyi anaimanga mu 1970 kuti muzikhala ogwira ntchito pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, mtunda wa makilomita atatu. Magetsi otere amapangidwa ndi uranium, mwala womwe uja uli ku Kayelekera ku Karonga. Munkakhala anthu pafupifupi 49,000, ambiri mabanja achinyamata okhala ndi ana ang'onoang'ono.

Usiku wa pa 26 April 1986, nthawi itangopitirira 1 koloko, ng'anjo ya nambala 4 ya pamalo opangira magetsiwo inaphulika. Tsono poizoni wake, uja amati radiation, saoneka, sanunkha. Kutacha, Loweruka, ana anapita kusukulu, ena anamangitsa maukwati, akuluakulu a boma la Soviet Union, limene linkalamulira Ukraine nthawiyo, ali chete. Mabasi oposa 1,000 anafika mawa lake masana. Uthenga unali wakuti tengani zitupa ndi zovala pang'ono, muchoka kwa masiku atatu. Anthu anakhoma zitseko, nasiya agalu, zithunzi za makolo, zovala zili pachingwe. Mpaka lero tauniyo ilibe mwini.

Dziko linadziwa bwanji? Pa 28 April makina a pamalo ena opangira magetsi a nyukiliya ku Forsmark, ku Sweden, anaonetsa kuti mphepo yabwera ndi poizoni. Gorbachev, mtsogoleri wa Soviet Union, anadzalankhula pa TV pa 14 May. Panthawiyo ana m'midzi ya ku Ukraine ndi Belarus ankamwabe mkaka wa ng'ombe zodya msipu woipitsidwa, ndipo masauzande anadzadwala khansa ya chithokomiro. Kwa ine, kukhala chete kumeneku ndiye mlandu waukulu.

Nanga chatsala n'chiyani? Mitengo yamera m'misewu ndi pabwalo la mpira. Chigudumu chachikulu chokwerapo ana, chimene anati akatsegulire pa 1 May chaka chomwecho, chili chiimire, chachita dzimbiri. M'chipinda chapansi pachipatala muli zovala za ozimitsa moto a usiku umenewo, zoopsabe kuzikhudza.

Mayi wina wa ku Belarus, Svetlana Alexievich, anayenda kumvetsera akazi amasiye, asilikali ndi alimi, nalemba mawu awo m'buku la mu 1997. Mu 2015 analandira mphoto ya Nobel. Mu 2019 kampani ya TV ya ku America yotchedwa HBO inaonetsa sewero la ngoziyi, ndipo chaka chimenecho alendo okaona malowo anaposa 100,000. Apa mpamene sindigwirizana nawo ena. Ankatola zidole za ana n'kuziyala pabedi kuti chithunzi chimvetse chisoni. Pamaliro a eni ake, iwe n'kumakonza pojambulira!

Eni akewo nawo ankabwera, koma ndi zina. Boma linatseka dera la makilomita 30 kuzungulira ng'anjoyo, komabe kamodzi pachaka, Pasaka ikangotha, ankaloledwa kulowa kukalambula manda. Ankasesa, ankaika maluwa, ankadyera pomwepo ndi anansi amene anabalalika nawo. Agogo ena ndiye anakaniratu. Anabwerera m'midzi yawo mozemba, n'kumalima mbatata ndi kuweta nkhuku, akumati poizoni wosaoneka sangawasiyitse manda a makolo awo. Boma linangowaleka. Tsopano atsala ochepa, ambiri ndi amayi okalamba. A mfumu, inu mukudziwa mmene nkhani yosamutsa mudzi imavutira ikafika pa manda.

Ng'anjo ija anaivindikira ndi chidenga chachitsulo mu 2016. Za alendo zinaima mu February 2022, asilikali a Russia atalanda malowo kwa milungu ingapo. Ndiime kaye pamenepa, ndaona mayi akweza dzanja kumeneko.