Chimbale cha ku Chileka m'teksi ya ku Joni

Moni nonse abale anga, kulikonse kumene mukundimvera. Amene muli kuno ku Joni, a ku Cape Town ndi ku Durban, inu a ku Ireland ndi ku Mangalande amene mumanditumizira mauthenga pakati pa usiku, komanso inu akumudzi amene mwagula bandulo kuti mumve mawu anga, zikomo kwambiri. Ndikujambula gawo lino Lamulungu madzulo m'kachipinda kanga kakuseri kwa nyumba ya eni ake kuno ku Rosettenville. Kunja kukuzizira zedi, ndiye mukamva ketulo ikulira musadabwe.

Sabata yatha tinakamba za mapepala ndi lendi, nkhani zolemetsa mutu. Lero tipumeko pang'ono. Achemwali ena amene amasamalira okalamba ku Mangalande anandifunsa kuti, "Achimwene, masiku ano mukumvera chiyani?" Ndinayamba kuwayankha pa WhatsApp, koma ndinaona kuti yankho lake likutalika, ndiye ndalibweretsa kuno.

Kwa mwezi wathunthu tsopano ndakakamira pa Kuimba 1, chimbale cha malemu Evison Matafale. M'mawa uliwonse ndimadzuka kusanache, ndimakwera teksi yolowa m'tauni, kenako ina yopita ku Randburg kumene ndimagwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti. Ulendo wonsewo mahedifoni amakhala m'khutu, foni ili m'thumba la mkati mwa jekete, chifukwa kuno foni sitiionetsa poyera. Ndipo ndimamvera kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza osadumpha, monga tinkachitira nthawi ya makaseti.

Achinyamata amene mwakula ndi memori khadi ndi malo obenera nyimbo mwina simungamvetse. Kwathu ku Ndirande tinali ndi wailesi imodzi, ya achimwene anga aakulu. Kaseti tinkaibweza ndi bolopeni kuti tisathe mabatire, ndipo mabatirewo akafooka tinkawayanika padzuwa padenga la malata. Kaseti yathuyo wailesi inaitafunapo tsiku lina, achimwene n'kuilumikiza ndi selotepi. Pamalo olumikizawo mawu ankanjenjemera pang'ono. Mpaka lero, nyimbo ikafika pamenepo pafoni panga, khutu langa limadikira kunjenjemera kuja, koma mawu amangodutsa bwinobwino. Pamenepo m'pamene ndimakumbuka kuti achimwene aja anatisiya, ndipo kumaliro kwawo sindinapiteko chifukwa pasipoti yanga inali itatha masiku.

Matafale mwini wake sindinamuonepo pansanja. Anamwalira mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi, ine ndikadali kusukulu. Amene ndinawaona ndi maso ndi anyamata amene anawasiya, Ma Blacks, nthawi imene Musamude Fumulani ankatsogolera gululo. Tsiku limenelo ndilo ndikufuna ndikufotokozereni bwino.

Linali Lamulungu masana, ku French Cultural Centre ku Blantyre. Ndalama yapakhomo ndinaisonkhanitsa kwa masabata angapo pa maganyu oponya zidina. Ya minibasi inasowa, ndiye tinayenda pansi anyamata anayi, kudutsa kumafakitale a Makata mpaka ku Chichiri. Tinafika mapazi ali mbuu. Panja panali a kanyenya, a tchipisi, amayi a nthochi, ndi anyamata ogulitsa zipewa za mitundu itatu ya chirasta. Tinalowa, tinadikira, oimba otsegulira anabwera n'kupita, dzuwa linayamba kupendeka. Kenako ng'oma zinagunda, gitala ya bezi inalowa.

Abale anga, bezi ya pansanja si ya m'mahedifoni. Ija imalowera kumapazi, n'kukwera mpaka pachifuwa, nthiti zimachita kunthunthumira. Koma chimene chinandikhalira mumtima si chimenecho. Pakati pa nyimbo ina ya Matafale, Musamude anasiya kuimba n'kulozetsa maikolofoni kwa anthu. Bwalo lonse linatenga nyimboyo. Pafupi nane panali bambo wa taye amene ankaoneka kuti wachokera kutchalitchi, kutsogolo kwanga mayi wobereka mwana kumsana, uku marasta, uku ana asukulu, tonse pakamwa pamodzi, palibe wophonya liwu. Ndinatembenuka kuti ndiuze mnzanga kanthu, ndinapeza misozi ili mbwee m'masaya mwake, iye osadziwa n'komwe. Tinabwerera ku Ndirande usiku, wapansi womwewo, mawu atasasa, tikuimbabe mumsewu. Musamude anamwalira mu 2007, mng'ono wake Anjiru n'kutenga maikolofoni. Bwalo lija nalonso linathyoledwa n'kuberedwa katundu mu 2011, lero amalitcha Blantyre Cultural Centre.

Ku Chileka ndinapitako kawiri ku chikumbutso cha Matafale chimene chimachitika chaka chilichonse cha m'ma November. Kumeneko kulibe cholipira pakhomo. Dzuwa limaswa mtengo, fumbi limakwera mpaka m'mano, mitambo ya mvula yoyamba ikuunjikana kumwamba, anthu osasuntha. Amene simunapiteko, mukadzapita kumudzi nthawi imeneyo, dzapiteni.

Nanga kuno? Nyimbo zonse za kwathu zili m'thumba mwanga, zambiri kuposa zimene shopu ya makaseti ya ku Limbe inkasunga. Chimene ndimasowa ndi anthu oimba nawo. M'teksi ndimakhala pakati pa anthu khumi ndi asanu, dalaivala watsegula masikandi kapena amapiano, ine ndili ku Chileka ndekha m'khutu. Nthawi zina milomo imafuna kutsatira nyimbo, koma ndimaitseka. Inu amene muli kuno mukudziwa chifukwa chake. Pali masiku ena amene munthu sufuna kuti chilankhulo chako chimveke m'teksi.

Oimba a kwathu amabwera ndithu kudzaimba kuno. Vuto ndi lakuti ambiri a ife Loweruka ndi Lamulungu ndi masiku amene ntchito imachuluka, ndipo kuyenda usiku m'tauni muno kuli ndi zoopsa zake, za achifwamba ndi za mapepala zomwe. Ndinakwanitsa kupitako kamodzi, nditasinthana shifiti ndi mnzanga. Holo inali yaing'ono, zokuzira mawu zinkavuta, koma nditangolowa pakhomo n'kumva Chichewa mbali zonse, Chiyao apa, Chitumbuka apo, ndinaima kaye osayenda. Ndinakumana ndi mnyamata amene tinaphunzira limodzi pulayimale, patatha zaka zoposa khumi tisakuonana. Chimodzi chokha chinandidandaulitsa. Nyimbo itafika pokoma, manja onse anakwera m'mwamba ndi mafoni, aliyense akujambula kuti atumize kumudzi. Sindikuwadzudzula, ndikudziwa kuti munthu amafuna abale aone kuti ali moyo ndipo akusangalala. Koma woimba atalozetsa maikolofoni kwa anthu, amene anayankha anali ochepa, ambiri maso anali pagalasi la foni. Ine ndikupempha, mukapeza mwayi wotere, jambulani nyimbo imodzi, kenako foni m'thumba, imbani.

Chimbale china chimene ndabwererako ndi choyamba cha Lucius Banda, Son of a Poor Man. Ambiri sadziwa kuti Soja anadzachijambulira kuno ku Johannesburg, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mnyamata wa ku Balaka amene anakulira mu Alleluya Band pamodzi ndi mkulu wake Paul. Ndipo ndi mumzinda womwe uno mmene anatsikira kulichete pa 30 June 2024, m'chipatala cha ku Sunninghill. Mwezi umenewo unali wowawa, chifukwa pa 10 June tinali titataya kale a Saulos Chilima ndi anzawo pangozi ya ndege ku Chikangawa. Uthenga wa Soja unandipeza ndikusenda mbatatesi. Ndinatuluka panja pamene timataya zinyalala, ndinakhala pakreti, osalankhula. Munthu amene nyimbo zake zinkalira m'minibasi iliyonse ya Limbe, paukwati uliwonse, pachigayo chilichonse, anamwalirira pamtunda woti ine n'kukwera teksi imodzi n'kufikapo, ali mlendo ngati ine ndemwe. Usiku umenewo tinasonkhana anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chino, tinaphika nsima ya usipa umene transipota anabweretsa, tinatsegula nyimbo zake pa kasipika kakang'ono. Tsiku limenelo tinaimba mokweza, eni nyumba sanatiletse.

Dera lino la Rosettenville nalonso lili ndi bala lake la nyimbo. Muno ndi mmene achifwamba ofuna kulanda galimoto anawombera Lucky Dube pa 18 October 2007, akutula ana ake kwa mbale wake. Ndili kumudzi tinamulira ngati wathu, osadziwa kuti tsiku lina ndidzakhala ndikugula buledi m'misewu yomweyi.

Ndisaiwale za kukhitchini. Kumeneko tili anthu a mayiko anayi, ndipo bwana akachoka timasinthana kuika nyimbo pa sipika. Mnzanga wa ku Zimbabwe amakonda sungura ya Alick Macheso. Tsiku lina ndikutsuka mapoto ndinamva mawu a Chichewa akutuluka m'nyimbo yake, ndinasiya mpopi ukuthira madzi. Mnzangayo anaseka n'kundiuza kuti Macheso ndi mwana wa Amalawi amene anapita kukagwira ntchito m'mafamu a ku Zimbabwe. Kuyambira pamenepo amanditchula kuti asibweni. Ine ndinamumvetsera Matafale, iye wandiphunzitsa kumvera Oliver Mtukudzi modekha, ndipo mnzathu wa Chizulu watizoloweretsa gitala ya masikandi imene poyamba inkandisokosa. Njira imeneyi si yachilendo. Agogo athu a nthawi ya Wenela ankabwerera kumudzi ndi magalamafoni ndi mbale za nyimbo za kuno, ndipo kwela imene inabadwira m'makomboni a Joni inakamera mizu ku Chileka komweko m'manja mwa Daniel ndi Donald Kachamba.

Achemwali a ku Mangalande, yankho lanu ndi limenelo. Tsopano ndikufuna ndimve kwa inu nonse. Nditumizireni mawu ojambula, osapitirira mphindi ziwiri, mundiuze chimbale chimene chili m'khutu mwanu sabata ino, komanso shoo imene simuiiwala: inali kuti, munapita ndi ndani, munabwerera bwanji kunyumba. Amene munafikako ku Sand Music Festival kapena ku Lake of Stars m'mbali mwa nyanja, chonde musaumire, ine kumeneko sindinapondeko ndipo ndikufuna ndimve mmene bezi imamvekera mapazi ali mumchenga. Mawu anuwo ndidzawaika m'gawo la sabata yamawa. Ketulo yawira kachiwiri, ndipo mawa teksi yoyamba ndi ya 5 koloko. Mugone bwino.